Tisawaseke anyamata 'odya msipu' a ku Japan

Masabata apitawa kakanema kena kakhala kakuzungulira pa mafoni a anyamata athu m'makomboni a m'mafamu, ndipo paliponse pamene kafika anthu akufa nalo phwete. Kakuonetsa mwamuna wa ku Japan atatchena suti, akumanga ukwati ndi chidole. Nkhaniyo si yopeka ayi. Mwamunayo ndi Akihiko Kondo, ndipo mu Novembala 2018 anachititsadi mwambo mu mzinda wa Tokyo wokwatira Hatsune Miku, mtsikana woimba amene kulibeko, wongopangidwa pa kompyuta. Ndiye madzulo pozungulira mbaula ndemanga zake mukuzidziwa kale: ati amuna a ku Japan anagwa mu mpapaya, ati boma lawo lingotitumizira matikiti ife tikawathandize ntchito.

Ifenso tinaseka, tisanamizane. Koma titatha kuseka tinaifatsira nkhaniyi, ndipo zimene tapezamo sizoseketsa. Wokwatira chidole ndi mmodzi mwa anthu oposa 120 miliyoni, ameneyo tingomusiya ndi chidole chakecho. Nkhani yeniyeni ndi ya anyamata miyandamiyanda, abwinobwino, odzuka m'mawa kupita ku ntchito, amene afika zaka 30 kapena 40 asanafunsirepo mkazi. Ife amene tamerera imvi m'mabungwe a antchito tikuti gwero lalikulu la vutoli musalifune m'thupi mwa anyamatawo. Lifuneni pa kapepala kawo ka malipiro.

Kwawoko anyamata otere anawapatsa dzina loti sōshoku danshi, kutanthauza amuna odya msipu. Analiyambitsa ndi mayi wina wolemba nkhani, Maki Fukasawa, mu 2006. Fanizo lake ndi la nyama zakutchire. Pali mkango ndi fisi, zosaka ndi kugwira zinzake, ndiye pali insa ndi mbawala, zimene zimangodya udzu phee pambali pa zinzake. Mnyamata wodya msipu ndi uja sathamangitsana ndi masiketi, amatha kucheza ndi mtsikana ngati mlongo wake osamulankhula mawu, mowa alibe nawo chidwi kwenikweni, galimoto yodula sailakalaka, ndalama zake amaziwerenga, nyumba amasesa yekha ndipo amadziphikira. Pofika 2009 dzinali linali pakamwa pa aliyense, mpaka linalowa m'gulu la mawu khumi otchuka a chaka chimenecho.

Chodabwitsa n'chakuti mayi Fukasawa sanatchule dzinali pofuna kunyoza. Iwo akhala akunena poyera kuti ankawayamikira anyamatawa, chifukwa anali atatopa ndi amuna a m'badwo wapitawo, oyesa uphongo pa kuchuluka kwa mabotolo ndi akazi. Koma madoda, ogulitsa malonda ndi manyuzipepala analitembenuza n'kukhala chitonzo. Galimoto zikapanda kuyenda malonda, olakwa ndi odya msipu. Mowa ukachepa ogula, ndi odya msipu. Ana akachepa kubadwa, ndi omwewo basi. Khalidwe limeneli timalidziwa: zinthu zikavuta pa famu, bwana sayamba wayang'ana mabuku ake, amayamba ndi kunena kuti antchito a masiku ano ndi aulesi.

Manambala ake ndi awa, ndipo ndi a boma la Japan lomwelo. Mu 1970, mwa amuna 100 ofika zaka 50, osakwana awiri ndi amene anali asanakwatirepo. Pa kalembera wa 2020 anapezeka 28 pa 100 aliwonse. Maukwati mu 1972 anali pafupifupi 1.1 miliyoni pa chaka, koma mu 2023 sanafike ngakhale 500,000. Ana obadwa mu 1973 anaposa 2 miliyoni. Mu 2023 anabadwa 727,000 okha, ndipo mu 2024 sanafike 700,000. Lipoti lina la boma la mu 2022 linapeza kuti mwa anyamata osakwatira a zaka za m'ma 20, anayi pa khumi aliwonse sanatengeko mtsikana ngakhale tsiku limodzi kukayenda naye ngati chibwenzi.

Ndiye apa mvetsetsani bwino. Bungwe la boma lofufuza za chiwerengero cha anthu, National Institute of Population and Social Security Research, limawafunsa achinyamata osakwatira a zaka 18 mpaka 34 maganizo awo pa nkhani ya banja. Mu 2021, amuna 81 pa 100 aliwonse anayankha kuti akufuna kudzakwatira tsiku lina. Amene anati sakulifuna n'komwe banja anali 17 pa 100. Chiwerengero cha okanawa chakwera poyerekeza ndi kale, sitikukana, ndipo amenewo ndi ufulu wawo, banja si msonkho. Koma nanga 81 enawo? Munthu akamanena kuti akufuna nsima koma sakudya, timayamba tasuzumira m'thumba la ufa tisanamutengere kwa sing'anga.

Kuti timve bwino, tibwerere kwa makolo a anyamatawa. Nkhondo yachiwiri itatha, Japan inamanga chuma chake pa mwamuna wa mtundu umodzi, amene amamutcha sarariiman. Akamaliza sukulu mu Malichi, mu Epulo walowa kampani, ndipo kampani yomweyo adzatulukamo ndi imvi. Malipiro ankakwera malinga ndi zaka zimene wagwira, bonasi kawiri pa chaka, makampani ambiri ankapereka nyumba, pamapeto pake penshoni. Mkazi ankasiya ntchito akakwatiwa, n'kumasunga nyumba, ana ndi chikwama chomwe. Mwamuna ankapereka malipiro onse kwa mayi wa kunyumba, iye n'kumangopatsidwa kandalama ka m'thumba. Mwamuna wotere ankafunsira molimba mtima chifukwa ankadziwa chimene adzalandire zaka khumi zikubwerazo. Kawirikawiri sankavutikanso n'kufunsira: ankhoswe kapena bwana wa ku ntchito ankamupezera mkazi, nthawi zambiri wa mu ofesi momwemo.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 mitengo ya malo ndi masheya inagwa, chuma chinaima nji, makampani n'kusiya kulemba achinyamata ntchito yokhazikika. Nyengo imeneyo eni ake anaitcha nyengo yachisanu ya ntchito, ndipo inatenga zaka zoposa khumi. M'malo mwa ntchito yokhazikika kunabwera imene ife timaidziwa ndi dzina lake lenileni, ganyu. Lamulo lolola makampani obwereketsa antchito, ofanana ndi ma labour broker amene atisautsa kuno ku Joni, linayamba mu 1986 pa ntchito zochepa zaluso. Mu 1999 analitsegulira pafupifupi ntchito zonse, ndipo mu 2004, m'nthawi ya nduna yaikulu Junichiro Koizumi, analilowetsanso m'mafakitale. M'zaka za m'ma 1980 antchito osakhazikika sankafika awiri pa khumi aliwonse. Lero ali pafupifupi anayi pa khumi. Ambiri mwa iwo ndi amayi, inde, koma anyamatanso alimo ochuluka, ndipo amene anaphonya khomo atangomaliza sukulu zimawavuta kwambiri kudzalowanso.

Zotsatira zake zinaoneka poyera kumapeto kwa 2008, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka. Mafakitale anathamangitsa antchito obwerekedwa, ndipo poti ambiri ankagona m'nyumba za kampani, ntchito ndi pogona zinathera tsiku limodzi. Mabungwe a antchito ndi anthu achifundo anakhoma matenti m'paki ya Hibiya, pakati penipeni pa Tokyo, moyang'anana ndi maofesi a unduna wa zantchito, ndipo anthu pafupifupi 500 anadyera Chaka Chatsopano pamenepo, m'chisanu, pa mzere wa chakudya chaulere. Amene munachotsedwapo pa famu mwezi usanathe, katundu wanu n'kuunjikidwa pamsewu chifukwa nyumba ndi ya bwana, simukufunika kukufotokozerani. Taonani zaka: dzina la odya msipu linatchuka mu 2009, miyezi yochepa chabe kuchokera pamene matenti aja anakhomedwa. Pamene madoda ankafunsa chifukwa chimene anyamata sakugulira galimoto zotengera atsikana, anyamata ena anali kugona pa benchi.

Ife sukulu sitinapite nayo patali, koma masamu a malipiro timawatha. Kafukufuku wa boma wa zantchito akuonetsa kuti mwa amuna a zaka 30 mpaka 34 amene ali pa ntchito yokhazikika, pafupifupi asanu ndi mmodzi pa khumi ali pabanja. Mwa amene ali pa ntchito yosakhazikika ndi awiri okha pa khumi. Dziko limodzi, msinkhu umodzi, mpunga ndi nsomba zomwezo, mafoni ndi masewera a pa kompyuta omwewo. Chosiyana ndi kontilakiti basi. Kodi tinene kuti chilakolako chimabwera ndi siginecha ya bwana? Akatswiri a pa yunivesite ya Tokyo anafufuzanso mu 2019 n'kupeza zomwezo: amuna olandira zochepa ndi a maganyu ndi amene amachuluka pakati pa omwe sanakhalepo malo amodzi ndi mkazi. Komanso ku Japan mwana sabadwa chisawawa kunja kwa ukwati, ndi awiri okha pa ana 100 aliwonse. Choncho ntchito ikasowa ukwati usowa, ukwati ukasowa mwananso palibe.

Boma linayesako kupaka mankhwala. Kuyambira 2013 lamulo likuti munthu akagwira zaka zisanu pa makontilakiti ongowonjezera ali ndi ufulu wopempha ntchito yokhazikika. Mukudziwa kale chimene mabwana ena anachita. Zaka zisanu zitatsala pang'ono kukwana, anangoti zikomo, kontilakiti yatha. Nzeru imeneyi sichita kufuna pasipoti, tonse taionapo.

Amene ali pa ntchito yokhazikika nawonso asatinamize kuti ali pa mtendere. Japan ndi dziko limene lili ndi mawu akeake, karōshi, otanthauza kufa chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyezo. Lamulo loika malire a ovataimu linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2019, ndipo ngakhale lomwelo limalola kuti pa mwezi wotanganidwa munthu awonjezere maola ofika pafupi ndi 100. Kampani ikhozanso kukusamutsira mzinda wina, iwe n'kupita wekha zaka zingapo, mkazi ndi ana n'kutsala chifukwa cha sukulu. Utchona wa m'dziko lako lomwe. Anyamata a lerowa anakula akuona bambo wobwera pakati pa usiku akununkha mowa umene anamwa mokakamizidwa ndi bwana, wogona Lasabata lonse, amene ana ake sankamudziwa bwino mawu ake. Ndiye pomaliza anaona kampani imene bamboyo anaipatsa moyo wake wonse ikumuuza kuti apume msanga. Mwana akaona zimenezi n'kunena kuti ine ayi, uphongo umenewo sindiufuna, ife sitingamutche wofooka. Waganiza.

Pali mbali ina imene amuna timakonda kuidumpha. Ukwati ndi wa anthu awiri, ndipo atsikana a ku Japan nawonso akuwerengera. Kumeneko ntchito za pakhomo, kuphika, kuchapa, kulera ana ndi kusamala okalamba, mkazi amagwira mowirikiza pafupifupi kasanu kuposa mwamuna. Mtsikana wophunzira, wa malipiro akeake, akudziwa kuti akakwatiwa n'kubereka mwina ntchito yake yabwino itha, adzabwerera ngati waganyu wa maola ochepa, kwinaku akusamalanso apongozi. Ndiye amati ngati ndikutaya zonsezi, mwamunayo akhale wa ndalama zokhazikika. Pamenepo mnyamata waganyu amadzichotsa yekha pa mzere asanakanidwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti mnyamata wodya msipu uja, wodziwa kuphika, wosamenya, wosathera malipiro ku bala, ndiye amene akanakhala mwamuna wabwino wa mtsikana wotereyu. Akumusowetsa banja ndi muyezo wakale woti mwamuna adyetse nyumba yonse yekha, pamene malipiro amene ankachirikiza muyezowo anapita kalekale. Zina zikusintha ndithu: abambo otenga tchuthi mwana akabadwa anali mmodzi kapena awiri pa 100 cha m'ma 2010, koma pofika 2023 anafika 30 pa 100. Zimenezo n'zabwino, koma tchuthi chotere amachimva kukoma ndi amene ali ndi ntchito yobwererako.

Mu Januwale 2023 nduna yaikulu ya nthawiyo, Fumio Kishida, inauza nyumba ya malamulo kuti dziko lafika pamphepete, moti likhoza kulephera kuyendetsa zinthu zake ngati ana apitirira kuchepa. Mu Epulo chaka chomwecho anatsegula nthambi yapadera yoona za ana ndi mabanja, n'kuwonjezera ndalama zothandizira olera ana. Vuto lake n'lakuti thandizo lotere limafikira amene ali kale pabanja, pamene chotchinga chili pa khomo lolowera. Akuluakulu a mzinda wa Tokyo, kumene mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika 0.99, anafika popanga pulogalamu yawoyawo ya pa foni yopezera mbeta mu 2024. Kuti ulembetse uyenera kuonetsa chikalata choti sunakwatire, komanso chikalata chotsimikiza ndalama zimene umapeza pa chaka. Mwamva? Boma lenilenilo, pokhala nkhoswe, layamba ndi kufunsa malipiro. Ndiye wina azitiuzabe kuti vuto ndi msipu?

Kumudzi ndiye nkhaniyi inayamba kale, dzina la odya msipu lisanabadwe n'komwe. Atsikana ankathawira m'tauni, osafuna kukwatiwa ndi mwana wachisamba wa mlimi amene adzakhale naye ndi apongozi nyumba imodzi, khasu kumanja. Mu 1985 akuluakulu a tauni ya Asahi m'chigawo cha Yamagata anafika pokonza okha maulendo okapezera alimi awo akazi ku Philippines. Lero alimi enieni a ku Japan, amene mu 2000 anali 2.4 miliyoni, mu 2020 anatsala 1.36 miliyoni, ndipo zaka zawo mukaziphatikiza n'kugawa zimafika pafupifupi 68. Nyumba zopanda anthu m'dziko lonselo zinafika 9 miliyoni mu 2023. M'mudzi wa Nagoro pa chilumba cha Shikoku, mayi Tsukimi Ayano amasoka zidole zazikulu ngati anthu, zonga zija timaimika m'munda poopseza mbalame, n'kumaziika m'malo mwa anansi amene anamwalira kapena kusamuka. Sukulu ya m'mudzimo inatsekedwa mu 2012, ndipo pa madesiki pakhala zidole zomwezo. Chidole cha a Kondo chinatiseketsa, koma izi ayi.

Tsono tiyang'ane pakhomo pathu pang'ono, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu ana akubadwa ambiri, vuto la Japan la kuchepa kwa anthu tilibe. Koma m'makomboni a mafamu a mphesa ndi malalanje muno tili ndi anyamata a zaka 30, ena 35, amene sanapite kumudzi kukaonekera kwa ankhoswe. Amagwira miyezi inayi kapena isanu ya zokolola, miyezi inayo akusaka ganyu. Amagona anayi chipinda chimodzi, ndipo kamene apeza kagawike pa lendi, pa mapepala, ndi pa fetereza wa amayi kumudzi. Pa sitalaka ya ku De Doorns ya 2012 mpaka 2013 antchito anakweza malipiro a tsiku kuchoka pa R69 kufika pa R105, koma m'zaka zotsatira taona mabwana ambiri akuchepetsa antchito okhazikika n'kumadalira a nyengo ndi obwerekedwa. Anyamata amenewa tikakumana nawo pa maliro kapena ku tchalitchi, ife akuluakulu timawafunsa pagulu kuti kodi iwe udzakwatira liti, kapena unagwa mu mtengo? Ena pothawa manyazi amangotenga mkazi wongolowana naye, nyengo ikatha n'kumusiya ndi mwana kumsana. Amene wakana kuchita zimenezo, n'kudikira mpaka adzakhale ndi podalira, ndi amene timamuseka kwambiri. Tasiyana pati ndi madoda a ku Tokyo?

N'chifukwa chake ife tikuti pa zokambirana ndi eni mafamu, nkhani ya kontilakiti yokhazikika ndi ya nyumba zoti munthu akhalemo ndi mkazi wake isamaikidwe kumapeto ngati ndiwo zotsala. Tizolowera kumenyera ma randi owonjezera pa ola, ndipo n'koyenera, koma mnyamata sakamanga chinkhoswe ndi malipiro amene sakudziwa ngati adzakhalepo mu Meyi.

Minda ya ku Japan imene yasowa ana aja akuilima ndani? Matchona anzathu ochokera ku Vietnam, Indonesia, Philippines ndi China. Mu 2023 antchito akunja m'dzikolo anaposa 2 miliyoni. Ambiri a m'minda analowa pa ndondomeko imene inayamba mu 1993, yowatcha ophunzira ntchito, imene kawirikawiri simulola munthu kusintha bwana. Mu 2023 mokha oposa 9,000 anathawa pa malo awo a ntchito n'kusowa. Ndipo achinyamata amenewa, a msinkhu weniweni womanga banja, saloledwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena mwana. Dziko likulira kuti ana achepa, koma kwa mlendo likufuna manja okha. Azigogo athu amene anapita pa Wenela ndi Theba, n'kumagona m'makomponi a amuna okhaokha, akanaizindikira ndondomekoyi osachita kuwamasulira.

Mu Juni 2024 nyumba ya malamulo ya Japan inavomereza kuthetsa ndondomeko ya ophunzira ntchitoyi, ndipo yatsopano iyenera kuyamba pofika 2027. M'menemo wantchito adzaloledwa kusintha bwana pa ntchito ya mtundu womwewo akagwira chaka chimodzi kapena ziwiri n'kukhoza mayeso a ntchito ndi a chiyankhulo. Koma kubweretsa banja kudzakhalabe kwa okhawo amene akwera n'kufika pa chiphaso chapamwamba cha antchito aluso, chimene antchito a m'minda anayamba kuloledwa kuchipeza mu 2023.